Mzere Umene Analemba Achimwene

"Yesaninso," anatero abwana, ataima kumbuyo kwa mpando wanga, kapu ya tiyi ili m'manja.

Ndinayesanso. Mizere inayamba kutsetsereka pa sikirini, yobiriwira yokhayokha, mpaka chakumapeto pomwe umodzi unatulukira wofiira psuu, monga unkachitira chiyambire m'mawa. Mayeso ankayembekezera kumva kuti waya wa netiweki ukuyenda pa liwiro la 1000. Pulogalamu yathu inkayankha kuti ukuyenda pa mabiliyoni anayi ndi kanthu.

"Liwiro limeneli kulibe padziko pano," anatero abwana. "Waya wake bwenzi utapsa kalekale."

Kampani yathu ndi yaing'ono, chipinda chimodzi chachikulu pamwamba pa sitolo yogulitsa matayala. Timalemba pulogalamu yolondera netiweki m'maofesi a anthu: masukulu, masitolo, zipatala zing'onozing'ono. Waya ukayamba kufooka, pulogalamuyo imatumiza uthenga pa foni ya wokonza zinthu zisanafike poipa. Tikasintha kalikonse, pulogalamu imayamba yadutsa m'mayeso amene amadziyendera okha pa kompyuta, ndipo akalephera ngakhale pamodzi, palibe chimene chimatuluka pakhomo. Sabata imeneyo tinali titalonjeza kasitomala watsopano, mwini zipatala zingapo, kuti alandira yake Lachisanu.

"Mwina tingowadumpha mayeso amenewa," anatero abwana motsitsa mawu. "Tidzawaona tikatumiza. Ndipo inu achemwali, musadzipanikize. Ngati thupi likukana, pitani mukapume. Palibe amene angakuoneni molakwika."

"Ndipatseni lero lokha."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana desiki ya pawindo, kenako anapita ku ofesi yawo.

Limenelo linali tsiku langa loyamba kuntchito chiikireni achimwene m'manda. Anagwa m'bafa m'mawa wina akukonzekera kubwera kuno, ndipo pofika nawo kuchipatala n'kuti atapita kale. Ndi iwo amene anandiphunzitsa ntchitoyi, ndi iwonso anandibweretsa pakampanipa. Tsiku limene ndinayamba anangoti, "Awa ndi achemwali anga, akalakwitsa muzikalipira ine," ndipo kuyambira pamenepo ofesi yonse inkanditcha achemwali, abwana omwe. Achimwenewo ankatchedwa Akulu. Desiki yawo inali moyang'anizana ndi yanga, pawindo. Tsopano inali mbee, yopukutidwa bwino, mpando atautsekera mkati.

M'mawa umenewo anthu ankabwera mmodzimmodzi kudzandigwira dzanja. Ankati pepani, ine n'kumati zikomo, zachitika. Mawuwo ankatuluka bwinobwino. Koma mkati munali ngati mlomo umene adokotala a mano aubaya jekeseni: ukaugwira umadziwa kuti ndi wako, koma sumva kanthu. Kumanda sindinalire. Azakhali anandiyang'ana kangapo ndi diso la pambali, ine n'kumangoona mmene fosholo ina inkagwedera pa mpini.

Foni inalira. Anali alamu, akazi a achimwene.

"Alamu, mubwera liti? Ana akungokufunsani."

"Ndayamba ntchito, alamu. Kuno zinthu zathina."

"Zovala zake zikadali mmene anazisiyira. Ndikatsegula wadiropu ndimangotsekanso. Ndekha sindingathe."

"Zikangophweka ndibwera."

"Chabwino," anatero. Sanadule foni, ine ndikumva wailesi ikulankhula chapatali m'nyumba mwawo. Ndinadula ndine.

Ndinabwerera ku mzere wofiira uja. Poyamba ndinafufuza ngati wina anasintha gawo limene limawerenga liwiro. Palibe amene analikhudza, zaka ndi zaka. Ndinayang'ana tsiku limene mayeso anadutsa komaliza, ndipo linali la m'sabata ya maliro. Ndinaliona tsikulo monga umaonera nambala ya basi imene sukukwera, n'kupitiriza. Ndinafananiza zotsatira zakale ndi zatsopano, mzere ndi mzere, mpaka maso anayamba kuwawa. Zonse zinali chimodzimodzi kupatula pamwamba penipeni, pamene pamalembedwa dzina la kompyuta imene mayeso ayendera. Dzinalo linali litasintha.

Ndinawerama n'kusuzumira pansi pa desiki ya achimwene. Pakona, kapeti inali ndi malo akona zinayi amene mtundu wake unali usanasuluke.

Amene amasamala makina ndi mawaya pakampanipa timawatcha Amawaya. Ndi bambo wonenepa, wokonda nthabwala, ndipo kachipinda kawo kali kumapeto kwa khonde, kodzaza makatoni mpaka kudenga. Atandiona pakhomo anaimirira msangamsanga, n'kugwetsa mpukutu wa waya.

"Pansi pa desiki ya achimwene panali kompyuta," ndinatero.

"Yakuda ija? Ili apa." Analoza pashelefu. "Abwana anati tichotse zonse inu musanabwere, kuti zisamakupwetekeni mtima. Mayeso ndinawasamutsira ku makina aakulu aja timabwereka kunja. Kumeneko amatipatsa kompyuta yongoyerekeza, yopanda thupi, yopanda ngakhale pobayira waya. Ndimati ndi zofanana. Ndalakwitsa kodi?"

Ndinaitsitsa pashelefupo. Inali yakale, yolemera, mbali imodzi yophwanyika pang'ono. Pamwamba pake panali tepi yoyera, ndipo pa tepipo achimwene anali atalemba ndi zilembo zawo zopendekera zija kuti MUSAZIMITSE.

Amawaya anaona pamene ndinkayang'ana. Anakanda kumutu.

"Ndinaziona zimenezo, achemwali. Ndinaima nayo nthawi yaitali ndithu. Koma ndikanafunsa ndani?"

"Simunalakwe."

"Ndi yawoyawo imeneyo. Anachita kubwera nayo kuchokera kunyumba, nthawi imene kampani inalibe ngakhale ketulo. Tiyeni ndikunyamulireni."

"Ndinyamula ndekha."

Ndinadutsa nayo pakati pa ofesi, anthu akuyesetsa kuyang'ana kwina. Ndinagwada pansi pa desiki ya pawindo, n'kuiika pamalo pake penipeni, m'mbali mwake mukugwirizana ndi chizindikiro cha pakapeti. Ndinabaya magetsi, ndinabaya waya. Inatsokomola kaye, kenako kachipupizira ka mkati kanayamba kulira kamvekedwe kake kaja, kamene ndinali nditakhala nako zaka zonsezi osadziwa kuti ndimakamva. Ndinabwezera mayeso kumeneko n'kuwayendetsa.

Biriwiri, kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Abwana anatuluka mu ofesi yawo akuomba m'manja. "Mwatichotsa m'kamwa mwa ng'ona! Mawa m'mawa titumiza. Magazi ndi magazi, Akulu akanamva izi..." Sanamalize. Anandisisita paphewa n'kubwerera.

Masana ndinadya buledi pa desiki. Ndinkatafuna, ndinkameza. Akanandipatsa katoni sindikanasiyanitsa.

Ntchito inali itatha, ndipo ndikanatha kupita kwa alamu. M'malo mwake ndinakokera mpando wanga ku desiki ya achimwene, n'kulumikiza sikirini ndi kiyibodi ku kompyuta yakudayo. Sindinganene kuti ndinali ndi nkhawa kapena chidwi. Manja ankangofuna chogwira. Ndinawerama, ndinazula waya wa netiweki kumbuyo kwake, n'kufunsa pulogalamu kuti liwiro lili bwanji.

Mabiliyoni anayi ndi kanthu.

Ndinabwezera waya. 1000. Ndinazulanso. Mabiliyoni aja. Waya unali m'dzanja langa, mutu wake ukulendewera, pulogalamu ikundiuza kuti sunayambe wathamangapo chonchi.

Choncho vuto silinali la makina obwereka. Ndinayamba kulondola yankho lija kumene linkachokera, monga umalondolera nyerere kuti upeze una, mpaka ndinafika pa mzere umodzi waufupi. Pulogalamu yathu siyeza liwiro yokha, imachita kufunsa kompyuta. Kompyuta ikakhala kuti waya sikuwuona, imayankha kuti -1, kutanthauza kuti sindikudziwa. Koma mzere umenewu unkasunga yankholo mu mtundu wa nambala umene sutsika kupitirira ziro. Zili ngati mita ya galimoto yowerenga mtunda: ikakhala pa ziro n'kuibweza m'mbuyo kamodzi, imadumphira pa nambala yaikulu kwambiri imene ingathe kuonetsa. Sindikudziwa uja ankasanduka mabiliyoni.

Kwa makasitomala athu akale zimenezi sizinkaoneka, chifukwa ali ndi waya umodzi basi, ndipo ukaduka aliyense amadziwa pompo. Koma zipatala zatsopanozi zinali ndi mawaya awiriawiri, wina wodikirira kuti unzake ukafa ulowepo. Wodikirirayo ukanatha kudyedwa ndi makoswe mwezi wathunthu, pulogalamu yathu ikuchitira umboni kuti uli bwino kuposa onse. Eni zipatalazo akanadzadziwa tsiku limene akuufuna.

Kumbali kwa mzere uliwonse, pulogalamu imene timalembera imaonetsa dzina la amene anaukhudza komaliza, m'tizilembo totuwa. Kumbali kwa umenewu kunali dzina la achimwene, ndi chaka chimene ine ndinali ndikadali kusukulu.

Pondiphunzitsa, ndikati kompyuta yalakwitsa, ankamenya tebulo n'kumaseka. "Iwe chemwali, kompyuta sinama. Imangobwereza bodza lako mokweza." Ankanena zimenezi mapazi atawasanjika pa kompyuta yakuda yomweyi, imene waya wake sunazukepo ngakhale tsiku limodzi, imene inkawayankha zimene ankayembekezera nthawi zonse.

Ndinabaya waya uja pamalo pake. Ndinayendetsa mayeso, anabiriwira. Ndinatenga chikwama n'kupita kunyumba osauza munthu, ndipo ndinagona ngati mwala.

M'mawa mwake ndinapeza abwana ndi Amawaya ataima pa ketulo. Abwana anali atavala jekete imene amavala akamakaonana ndi makasitomala.

"Achemwali, mwadzuka bwanji? Ndikangomwa tiyiyu tikutumiza."

"Musatumize."

Anatsitsa kapu. "Afiiranso?"

"Ayi, ndi obiriwira. Koma abiriwira chifukwa ndawabwezera kumene samafunsidwa mafunso ovuta." Ndinawafotokozera za waya wozula, za -1, za mawaya awiriawiri a kuzipatala. Mawu anga ndinkawamva ngati a munthu wowerenga za nyengo pa wailesi.

Abwana anapumira m'mwamba. "Lachisanu ndi mawa. Munthu uja ndinamulonjeza ndi pakamwa panga. Sitingatumize chonchi n'kudzakonza sabata yamawa? Zaka zonsezi palibe amene anadandaulapo."

"Zimatero kumene," analowererapo Amawaya, akutakasa shuga. "Koma paja amati mukabisa matenda, mali..."

Supuni inaima. Nkhope yawo inagwa, ndipo anayang'ana m'kapu ngati mwagwera ntchentche.

"Maliro tidzamva," ndinawamalizira. "Nenani, si inu munaupeka mwambiwo."

Palibe anaseka. Ketulo inazima yokha.

"Gawo limenelo analemba ndani?" anafunsa abwana, ngakhale ndikukhulupirira kuti ankadziwa.

"Achimwene."

Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi nsonga ya jekete. Iwo ndi achimwene anayamba kampaniyi limodzi, awiriwiri, pa tebulo limodzi. "Munthu uja," anatero pang'onopang'ono, "akanakhalapo bwenzi akuti ndi ine ndinamusokoneza ndi nkhani za mpira." Anavalanso magalasi. "Ndipatse wina akonze? Si bwino kuti mukhale inu."

"Ndikonza ndekha. Pofika masana zikhala zitatha."

Kukonza kwake kunali kochepa mochititsa manyazi. Ndinasintha mtundu wa nambala ija. Ndinawonjezera timizere tingapo toti yankho likakhala lotsika kuposa ziro, pulogalamu izinena kuti liwiro silikudziwika, n'kutumiza uthenga kwa wokonza. Chimene chinanditengera nthawi ndi mayeso. Ndinawalembanso kuti asamadalire kompyuta ya pansi pa desiki ya munthu aliyense, koma azidzipangira okha mayankho onse: la waya wabwino, la waya wofooka, la waya wozuka. Ndinawayendetsa pa kompyuta yakuda, waya uli mkati ndiponso uli kunja. Ndinawayendetsa pa makina obwereka. Konse anadutsa.

Kenako ndinasunga zimene ndinasinthazo. Tizilembo totuwa ta kumbali kwa mzere uja tinaphethira kamodzi, dzina la achimwene n'kuchoka, langa n'kulowapo, ndi mawu akuti posachedwapa.

Ndinakhala ndikuliyang'ana. Ndinkadikira kuti mwina tsopano chinachake chibwera, pakhosi kapena pachifuwa. Pansi, m'sitolo ya matayala, wina ankamenya chitsulo ndi hamala. Mnzanga wa desiki yoyandikana nayo ankasenda lalanje. Palibe chinabwera. Ndinalembera abwana kuti atha kutumiza.

Anatumiza. Patapita kanthawi anatulukira pakhomo la ofesi yawo n'kundikwezera chala chachikulu.

Ndinagwadanso pansi pa desiki ya pawindo, n'kudina batani mpaka kachipupizira kanaleka. Anthu awiri atatu anadzutsa mitu, osadziwa chimene chasintha m'chipindamo. Chitsulo chake chinali chofunda. Ndinakulunga mawaya ake bwinobwino.

"Ndiibwezere pashelefu?" anafunsa Amawaya.

"Munati ndi yawo. Ndikaisiya kwawo, ana azikalembera za kusukulu."

"Tepiyo ndimatule?"

"Isiyeni."

Abwana anandilola kuweruka dzuwa likadalipo. M'basi ndinaikhazika pamiyendo, ndipo mayi amene ndinakhala naye pampando ankangosuntha bondo lake kuti kona isamubaye. Kondakitala anafunsa ngati mwana wangayo ali ndi tikiti. Anthu anaseka, inenso ndinaonetsa mano.

Kuchokera pamene basi imaima kukafika kwa achimwene pali kamtunda kokwera. Ndinapuma kangapo, ndikuisintha kuchoka m'chiuno china kupita china. Msewu unali mmene unalili kale: wometa tsitsi pakona, galu wa khutu limodzi uja atagona pamthunzi wa mpanda. Pofika pageti manja anali atachita dzanzi. Ndinaitsitsa pansi, ndinagogoda, koma wailesi inali pamwamba m'nyumbamo ndipo palibe anamva.

Ndinatulutsa foni kuti ndiwaimbire alamu. Ndisanapeze nambala, ndinaona pamwamba pa sikirini kuti foniyo yalumikizika kale yokha ku intaneti ya m'nyumbamo, timizere tonse titadzaza. Pansi pake panali dzina limene achimwene anaipatsa: Gulani Yanu.

Analipereka chaka chimene aneba a kuseri ankabwera tsiku ndi tsiku kudzapempha nambala yachinsinsi. Anasintha dzina kuti awachititse manyazi, anaseka mpaka misozi, ndipo mawa lake anakawapatsa nambalayo okha, atailemba pa chikhatho.

Sindinaimbe. Ndinangoima, foni ili m'dzanja. Sikirini ikazima ndinkaikhudza kuti iyakenso. Ana a sukulu anadutsa, wogulitsa matsache anadutsa. Mthunzi wa mpanda unasuntha kuchoka pa kompyuta n'kufika pa mapazi anga.

Geti linalira. Anali alamu, atanyamula ndowa ya zinyalala, atavala juzi ya achimwene imene manja ake anali atawapinda kangapo. Anaonda. Anandiyang'ana, anayang'ana foni, kenako chinthu chakuda chimene chinali pansi, n'kuwerenga tepi ija milomo ikuyenda popanda mawu.

"Alamu, mwaima nthawi yaitali?"

"Ayi, ndangofika kumene."

Anaika ndowa pambali. Ndinawerama kuti ndinyamule, iwonso anawerama.

"Si yolemera kwenikweni," ndinatero. "Ndabwera nayo ndekha."

"Ndikudziwa," anatero, osachotsa manja.

Geti lake ndi lopapatiza, lolowa munthu mmodzi. Tinachita kulowa chammbali, iwo akubwerera chafutambuyo, ine ndikutsatira, aliyense atagwira mbali yake, tikuyenda pang'onopang'ono kuti isagunde chitsulo.